Tenti imodzi ya dzuwa, mvula ndi chisanu: mmene yanga yandichitira

Tenti imene ndikuikamba pano ndi ya anthu awiri. Ili ndi makomo awiri, makonde awiri ndi mapolo atatu a aluminiyamu, ndipo pa katoni yake panalembedwa kuti ndi ya nyengo zonse. Ndagonamo kwa zaka ndithu, kotentha ndi kozizira komwe, ndipo ndinene mosabisa kuti ndi tenti yabwino koma si ya aliyense. Dzina la kampani ndalisiya dala. Makampani angapo amasoka matenti a kapangidwe komweka, choncho chimene chingakuthandizeni n'kudziwa poyang'ana mukaigwira m'manja, osati kuloweza dzina.

Mawu akuti "nyengo zonse" musawakhulupirire msanga. Kampani iliyonse imalemba mmene yaonera. Tenti imene amati ndi ya nyengo zitatu imakhala yopepuka, mkati mwake mumachuluka neti, ndipo chophimba chakunja chimalekezera m'mwamba pang'ono kuti mpweya uzilowera m'munsi. Imene amati ndi ya nyengo zinayi, kunena zoona, ndi tenti ya m'chisanu. Anaipangira chipale chofewa chimene chimaunjikana padenga n'kulemera, komanso mphepo ya pamwamba pa mapiri pomwe palibe mtengo wokutchingira. Mukapita nayo kotentha mumagona thukuta lili kamukamu. Ndiye pali matenti apakati, ndipo yanga ili m'gulu limeneli: kulimba kwake n'kwa tenti ya m'chisanu koma ili ndi malo ambiri otsegula. Kampani ya Hilleberg ya ku Sweden imasiyanitsa matenti ake ndi mitundu. Black Label ndi olimba kwambiri, Red Label ndi a nyengo zonse koma opepukirako, ndipo Yellow Label ndi a nthawi yopanda chipale. Kugawa kotereku ine kumandimvekera bwino kusiyana n'kungodinda nambala 4 pa katoni.

Ndalama zambiri zimene ndinalipira zinapita ku mapolo, ndipo sindidandaula nazo. Onse atatu ndi ofanana kutalika, ndi okhuthala mamilimita 9, ndipo amapingasana malo atatu pamwamba. Kufanana kutalikako kumaoneka ngati nkhani yaing'ono mpaka tsiku limene mwafika pamalo kutada, zala zitauma ndi kuzizira, tochi ili kukamwa. Mumangotola polo iliyonse n'kuilowetsa. Koma chimene chimalimbitsa tenti ndi kupingasanako. Paliponse pamene mapolo awiri akumana, nsalu yaikulu imagawika m'tizigawo ting'onoting'ono ndipo mphepo imasowa pogwira, chipale nachonso chimasowa pokhala. Nzeru imeneyi inachokera ku nyumba zozungulira za Buckminster Fuller, katswiri wa ku America wa mapulani a nyumba, ndipo kampani ya The North Face inailowetsa m'matenti mu 1975 ndi tenti yotchedwa Oval Intention. Matenti a anthu okwera mapiri ataliatali amakhala ndi mapolo anayi kapena asanu opingasana paliponse. Atatu anga ndi okwanira munthu amene amayenda m'mapiri koma sakukagona pansonga ya Everest.

Anthu ambiri sadziwa mmene mphepo imakulira. Liwiro lake likawonjezeka kawiri, mphamvu imene ikukankhira nsalu imawonjezeka kanayi. N'chifukwa chake tenti imene inaima bwinobwino madzulo imatha kugwa pakati pa usiku, inu n'kumadabwa kuti chasintha n'chiyani. Ndinaziona pa mtunda wina wopanda mitengo. Anzanga amene tinali nawo anali ndi tenti ya mapolo awiri opingasana kamodzi kokha pakati, ndipo mphepo ikati iwombe, khoma lonse linkawerama mpaka kuwakhudza kumaso, kenako n'kudzukanso. Sanagone. Yanga inkanjenjemera n'kumalira, koma mapolo sanasunthe. Sikuti ndi matsenga a kampani ayi. Zingwe zonse za m'mbali ndinali nditazimanga ndi kuzikoka, ndipo pa tenti imeneyi chingwe chimazungulira polo yeniyeniyo, kotero kuti mphamvu ya mphepo imatsikira ku polo n'kukafika ku chikhomo m'malo mong'amba nsalu. Tenti yolimba imene zingwe zake zangosiyidwa lendelende siisiyana ndi yotchipa.

Za mapolo a fiberglass, amene amabwera ndi matenti ambiri otsika mtengo, ndingoti ndi abwino pa kapinga wa pamalo ochezera pomwe galimoto ili pafupi. Akathyoka amanyenyeka n'kukhala ndi timinga timene timaboola nsalu ndi zala zomwe. Aluminiyamu amayamba wapindika asanathyoke, ndipo akathyoka mumavekapo kapaipi kakafupi kamene kamabwera m'thumba la zikhomo, n'kukulunga ndi tepi, ulendo n'kupitirira. Mapolo ambiri a matenti abwino amachokera ku kampani ya DAC ya ku South Korea, ndipo dzinalo limadindidwa pa polo penipenipo ngati mukufuna kuona.

Chachiwiri chimene ndimaikondera ndi kamangidwe kake mvula ikamagwa. Mapolo amalowa ku chophimba chakunja, ndipo chipinda chamkati chimakhala cholumikizidwa kale kunsi kwake ndi timakoko. Mukaimika, zonse zimadzukira limodzi, chipinda chamkati chili chobisika, chouma. Matenti ambiri opepuka amayamba ndi chipinda cha neti, chophimba n'kubwera pambuyo, ndiye mvula ikakupezani mukumanga mumayamba mwapukuta madzi pansi musanayale chogonera. Kulumikiza zigawo ziwirizi anakuyambitsa pamsika ndi Bo Hilleberg ndi tenti yake yotchedwa Keb mu 1973, patangopita zaka ziwiri chikhazikitsireni kampani yake, ndipo mpaka lero ndimadabwa kuti si makampani onse amene anatengera. Pochoka m'mawa kukugwa mvula, ndimamasula chipinda chamkati ndili m'kati momwemo, n'kuchilongedza pachokha chili chouma, kenako n'kugwetsa chophimba chonyowacho pomaliza.

Komanso tentiyi imaima yokha popanda zikhomo, makonde ake omwe. Pa thanthwe kapena pa mchenga zimenezi zimapulumutsa. Mukaona kuti pansi pali mwala wokubayani msana, mumangoinyamula yonse n'kuisuntha. Musaisiye yosakhoma n'kutembenuka kukatenga chikwama, chifukwa tenti yoima yokha imauluka yokhanso.

Tsopano nkhani yeniyeni. Tenti kuti ikhale ya nyengo zonse si kukhuthala kwa nsalu kapena kuchuluka kwa mapolo. Ndi kuti inuyo muzitha kuitsegula ndi kuitseka mmene nyengo ikufunira, muli gone m'kati. Apa m'pamene tenti yanga imapambana, ndipo apa m'pamene ndimauza aliyense kuti ayang'anitsitse.

Khomo lililonse la chipinda chamkati lili ndi zigawo ziwiri: neti, ndiye nsalu yotseka pamwamba pake yokhala ndi zipi yakeyake. Kukatentha ndimatsitsa nsalu ija mbali zonse ziwiri, n'kupinda zitseko zakunja, mpweya n'kumadutsa kuchokera khomo ili kukatulukira linalo, udzudzu uli panja. Kukazizira, kapena mphepo ikamanyamula fumbi ndi mchenga, ndimatseka zonse. Amene anagonapo mu tenti ya neti yokhayokha pamalo a mchenga mphepo ikuwomba akudziwa mmene m'mawa mano amachitira ngerengete. Chipale chouluzika nachonso chimalowa pa neti chimodzimodzi. Padenga pali chiboo chachikulu chotulukira mpweya chokhala ndi kachipewa kake, moti chimakhala chotsegula ngakhale mvula ikugwa, ndipo zipi yake ndimaifikira ndili chogona.

Chiboo chapamwambacho n'chimene chimalimbana ndi mdani wamkulu wa m'tenti, yemwe si mvula koma chinyezi cha inu nomwe. Munthu akamapuma amatulutsa nthunzi usiku wonse. Zovala zonyowa zimene mwaika pakhonde zimatulutsanso, nthaka ya pakhonde nayonso imatulutsa. Nthunzi imeneyi ikakhudza nsalu yozizira yakunja imasanduka madontho. Anthu ambiri amadzuka m'mawa n'kumati tenti ikudontha, pamene madziwo achokera m'mapapo mwawo. Palibe tenti imene imathetsa zimenezi kotheratu. Ubwino wa zigawo ziwiri ndi woti madonthowo amakhala ku chophimba chakunja n'kutsetsereka kupita pansi, inu muli kuseri kwa nsalu ina. Ndipo chifukwa chipinda changa chamkati n'cha nsalu osati neti, dontho likagwa mphepo ikagwedeza tenti limangotsetsereka pamwamba osandigwera kumaso. Usiku wozizira kwambiri chinyezicho chimauma n'kukhala chisanu choyera ku denga, ndipo mukachigunda podzuka chimakuwazani m'khosi. Mankhwala ake ndi omwewo, kusiya potulukira mpweya ngakhale mtima ukukuuzani kuti mutseke zonse.

Pamene tentiyi imagonja ndi usiku wotentha, wachinyezi, wopanda kamphepo ngakhale pang'ono, makamaka m'chigwa kapena pafupi ndi madzi. Chophimba chakunja chimafika pansi penipeni kuzungulira konse, chomwe ndi chabwino m'chisanu, koma chimatseka mpweya wa m'munsi. Mvula ikagwanso n'kukukakamizani kutseka zitseko, m'katimo mumasanduka uvuni. Usiku woterowo ndimasirira anzanga a matenti a neti. Kukakhala kuti kulibe mvula ndimamanga chipinda chamkati chokha, koma pamafunika timakapu tapadera tolowetsamo nsonga za mapolo, ndipo timeneti amagulitsa patokha. Zimenezi zinandinyansa. Pa ndalama imene tentiyi imagulidwa, akanangotiikamo.

Manambala a pa katoni ndiwadutse mwachidule. Mukaona 30D kapena 70D, akunena kukhuthala kwa ulusi: D akuimira denier, komwe ndi kulemera kwa ulusi wotalika mamita 9,000 mu magalamu. Chophimba changa n'cha nayiloni wa 30D wopakidwa silikoni mbali zonse ziwiri, pansi pake ndi 70D. Pansipo ndi pokhuthala kusiyana ndi matenti ambiri opepuka amene amaika 15D kapena 20D, ndipo ndi chifukwa chake sindichita mantha ndi timiyala kapena zikhadabo za galu. Nambala ina ya mamilimita, monga 1,500 kapena 3,000 kapena 10,000, imanena kutalika kwa madzi amene angaime pamwamba pa nsalu isanayambe kuchucha. Padenga 1,500 kupita m'mwamba amatengedwa kuti ndi wosalowa madzi. Pansi pamafunika yokwererapo chifukwa bondo kapena chigongono chikatsamira pa nthaka yonyowa chimafinyira madzi m'kati. Nambala yaikulu kwambiri padenga isakukopeni. Misoko yabwino ndi yofunika kuposa kusiyana kwa 3,000 ndi 5,000.

Nayiloni ali ndi khalidwe limodzi lotopetsa: amamwa chinyezi n'kutamuka. Mumamanga tenti madzulo ili nga, mvula ikagwa kapena mame akatsika mumapeza nsalu yafooka, ikukupiza, mwinanso yakhudza chipinda chamkati. Ndinazolowera kutuluka kamodzi ndisanagone kukakokanso zingwe ndi malamba a m'makona. Poliyesitala satamuka chotero ndipo amapirira dzuwa bwinoko, n'chifukwa chake makampani ena akusamukirako. Koma nayiloni wa silikoni ndi wovuta kung'amba, ndipo pa tenti yoti ikumane ndi mphepo yamkuntho ine ndimasankha ameneyo.

Kulemera ndiye mtengo weniweni wa zonsezi. Pamodzi ndi zikhomo ndi matumba ake imafika pafupifupi makilogalamu atatu. Tenti ya anthu awiri ya nyengo zitatu mutha kuipeza ya kilogalamu imodzi ndi theka, ina yochepera pamenepo. Tikakhala awiri sizivuta: wina amatenga chophimba, wina mapolo, zikhomo ndi chipinda chamkati, aliyense n'kusenza kilogalamu ndi theka. Ndikakhala ndekha pa ulendo wamasiku angapo, kukwera chitunda dzuwa lili pamutu, ndimaimva pamapewa ndipo ndimaitukwana chamumtima. Ikanyowa imalemeranso kuposa apo. Munthu amene amayenda yekha nthawi zambiri, ndiponso m'miyezi yabwino yokha, akuwononga mawondo ake pachabe akagula tenti ngati imeneyi.

M'katimo m'lifupi muli pafupifupi masentimita 130 pakati, mokwanira timatiresi tiwiri ta masentimita 51 kapena kupitirirako pang'ono. Timatiresi tiwiri totakata timathinana. Ndimatha kukhala tsonga pakati osagunda denga. Vuto lili kumapazi ndi kumutu. Makoma amatsetsereka, ndiye kutalika kumene analemba pa katoni sikumene mungagwiritse ntchito konse. Munthu wamtali atagona pa matiresi opopa okhuthala, thumba lake logonamo limakhudza khoma kumapazi n'kunyowa. Ine ndimaveka jekete yamvula kumapazi a thumbalo. Makomo awiri ndi dalitso: mnzako akafuna kutuluka usiku sakukwera pamimba, ndipo mphepo ikatembenuka mumagwiritsa ntchito khomo la mbali imene kuli bata. Khonde lililonse limakwana chikwama chachikulu ndi nsapato, koma likadzaza chotero mumachita kulumpha potuluka.

Tizinthu ting'onoting'ono tondikwiyitsa tilipo. Zikhomo zimene zinabwera nayo n'zabwino pa nthaka yolimba basi. Pa mchenga kapena chipale zimangozuka, moti ndinagula zina zotakata, ndipo pena ndimakwirira thumba lodzaza mchenga kapena kumangirira chingwe ku mwala. Zipi ya chitseko chakunja imakonda kuluma kansalu kotchinga mvula kamene kali pamwamba pake, makamaka nsalu ikanyowa, ndipo pamafunika manja awiri. Thumba lolongedzeramo analisoka lothina, ngati kuti amene analipanga sanapindepo tenti yonyowa ndi zala zozizira. Zingwe zinabwera zopanda ulusi wonyezimira, ndipo usiku anthu amapunthwa nazo n'kuzula chikhomo. Mtundu wake ndi wobiriwira modera, umabisala bwino m'tchire, koma mukakhalamo tsiku lonse kudikira mvula m'katimo mumakhala mdima wogwetsa ulesi. Chikhala kuti chipinda chamkati si chachikasu, bwenzi zili zoipa kwambiri.

Pali chinthu chimene ogulitsa sanena momveka: tenti sifunditsa. Imatchinga mphepo, ndipo ikatsekedwa yonse m'kati mumafundirako pang'ono kusiyana ndi panja, koma basi. Chimene chimakusungani ndi thumba logonamo ndi matiresi amene ali pakati pa inu ndi nthaka. Matiresi amalembedwa nambala yotchedwa R-value, yosonyeza mmene amatchingira kuzizira kwa pansi, ndipo pogona pa nthaka youma ndi chisanu anthu amafuna ya 5 kapena kuposa, pamene ya 2 imakwanira kukafunda. Kumbukiraninso kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, choncho munthu akhoza kunyamuka kuchigwa atavala malaya okha n'kukagona pamalo oti madzi a m'botolo akuuma. Ulendo woterowo ndi umene tenti yotsegula ndi kutseka imaonetsa phindu lake, chifukwa nyengo ziwiri mumakumana nazo tsiku limodzi.

Za kuphikira m'kati, ndikuchenjezeni mwamphamvu. Sitovu ya gasi kapena mafuta, ngakhalenso makala, imatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, ndipo wapha anthu ambiri m'matenti otsekedwa. Tenti yotsekeka bwino ngati imeneyi ndiye yoopsa kwambiri pa nkhani imeneyi. Nayiloni nayenso sachedwa kusungunuka ndi moto. Ine ndimaphikira panja. Nyengo ikakanika, ndimaphikira pamphepete pa khonde chitseko chili chotsegula, ndipo sindibweretsa chotenthetsera chilichonse choyaka moto m'chipinda.

Pa zaka zimene ndakhala nayo, chimene chatha ndi kamutu ka zipi ya khomo limene ndimakonda kulowera. Mchenga unakadya mpaka mano a zipi anayamba kutseguka kumbuyo. Kusintha kamutuko ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo zipi yonse sinafunike kuchotsedwa. Lastiki wa m'kati mwa mapolo anafooka, ndinaikamo wina. Nsalu yakunja yazilala pang'ono pamwamba koma madzi akutsetserekabe. Chimene chimapha matenti ndi dzuwa ndi kusungidwa onyowa. Kuwala kwa dzuwa kumafooketsa nayiloni mpaka amang'ambika ngakhale ndi chala, choncho sindiisiya itamangidwa masana onse ngati ndingathe kuigwetsa. Ndikafika kunyumba ndimaiyanika pamthunzi mpaka iume gwaa. Ikasungidwa yonyowa imachita chuku, ndipo utoto wotchinga madzi (polyurethane) wa pansi pake umayamba kumata, kusupuka ndi kununkha. Ndimayalanso chinsalu kunsi kwake pa malo a miyala, chochepa pang'ono kuposa tentiyo, chifukwa chikatulukira m'mbali chimatunga madzi a mvula n'kuwalowetsa pansi panu.

Ndani angaigule? Munthu amene akufuna tenti imodzi yokha, amene amayenda ndi mnzake, amene maulendo ake amamufikitsa pamtunda pomwe mphepo siipempha chilolezo, ndipo nthawi zina amakumana ndi chisanu kapena chipale chochepa. Amene amagona pafupi ndi galimoto agule tenti yaikulu yoimiriramo, kulemera sikumukhudza. Amene amayenda kotentha kokhakokha agule ya neti, adzagona bwino kuposa ine. Amene akupita kukakhala milungu pa chipale chakuya afune ya mapolo ambiri ndi khonde lalikulu.

Ngati mwaipeza m'sitolo, apempheni aimange. Vulani nsapato, lowani, gonani chagada pa matiresi ofanana ndi anu, muone ngati mapazi kapena chipumi zikukhudza nsalu. Tsekani zipi zonse, kenako muyese kutsegula chiboo chapamwamba ndi neti za pamakomo osadzuka. Mukatuluka, ikani dzanja padenga n'kukanikiza pansi pang'ono, kenako kankhani chammbali. Ikawerama mosavuta ndi dzanja limodzi, funsani ina.